Kodi mankhwala opha ululu amakola munthu? Tiyeni tifufuze

Ululu ukafika poti panado walephera, monga munthu akathyoka mwendo kapena akamadwala khansa, adokotala amapereka mankhwala amphamvu monga morphine. Morphine amachokera ku utomoni wa duwa lotchedwa poppy, ndipo amathandiza zedi. Koma anthu ena akamwa nthawi yaitali chibaba chimawagwira, mpaka amawafunabe ululu utatha kale.

Nanga amene amakoledwa chonchi ndi angati?

Mu 1980, ofufuza awiri a ku Boston, ku America, Jane Porter ndi Hershel Jick, analemba kakalata kakafupi m'magazini ya madokotala. Anati mwa odwala 11,882 amene analandira mankhwala otere, anayi okha ndiwo anakoledwa. Koma taonani, ana inu: odwalawo anali ogonekedwa m'chipatala, anamwino akuwayezera mlingo. Zochitika kunyumba kakalatako sikanazione. Ogulitsa mankhwala anakagwiritsa ntchito pokopa madokotala, ndipo patapita zaka anthu ambirimbiri ku America anakoledwa, ena mpaka kufa.

Tsono tiyerekeze kuti wofufuza ndinuyo, kuno kuchigwa cha Shire. Musanafunse munthu ndi mmodzi yemwe, komiti yoteteza anthu ofufuzidwa, monga COMREC ya ku yunivesite ya KUHeS, iyenera kuvomereza kaye. Kenako wodwala mumufotokozere zonse m'chilankhulo chake, Chisena kapena Chimang'anja. Akalola, asayine kapena adinde chala. Akakana, chithandizo chake alandirabe. Pamapepala anu mulembe nambala, osati dzina lake.

Ntchito yolemetsa ndi yomutsatira kumudzi kwa miyezi ingapo. Shire ndi Ruo akasefukira, monga zinachitikira ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, kukafika ku Makhanga kumafuna bwato, ndipo anthu amathawira m'misasa. Mukataya odwala ambiri, chiwerengero chanu chidzanama. Ndiye funsiranitu dzina la mfumu yawo ndi foni ya m'bale wawo.

Kafunsidwe nakonso kamafuna nzeru. Mukati, "Agogo, mumamwa mopyola muyeso?" adzakana, chifukwa palibe amafuna kuchita manyazi. Inu mungoti, "Agogo, botolo lija latha liti?" Akayankha, onani m'kabuku kawo ka kuchipatala tsiku limene linayenera kutha, muwerengetse masiku.