Makhonsolo akakwatirana, amalira ndi a kumsasa

Bungwe likangoyamba kuuma m'thumba, mankhwala amene akuluakulu amathamangira ndi amodzi: tiyeni tiphatikizane. Ati mutu umodzi susenza denga. Mwambiwo sindikuutsutsa ayi, koma zimene zachitikira masikauti a ku America zikuonetsa kuti denga likamasenzedwa, pali ena amene amapondedwa zala.

Bungwe la Boy Scouts of America linayamba mu 1910, ndipo kuyambira pa 8 February 2025 likutchedwa Scouting America. Likulu lake lili ku Irving, Texas, koma ntchito yeniyeni imagwiridwa m'makhonsolo. Khonsolo iliyonse ili ndi komiti yake, thumba lake, antchito olipidwa ndi misasa yake yakutchire kumene ana amakagona m'matenti pa tchuthi. Mkati mwa khonsolo muli loji. Musaganize za nyumba yogona alendo ija. Loji ndi nthambi ya Order of the Arrow, gulu la masikauti amene anzawo awasankha poona khalidwe lawo, ndipo ndiwo amalambula ndi kukonza misasa popanda malipiro. Lamulo limati khonsolo imodzi, loji imodzi. Choncho makhonsolo akakwatirana, maloji nawo alibe pothawira.

Nanga akuphatikizirananji? Ndi nkhani ya masamu. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 bungweli linali ndi ana oposa 4 miliyoni, lero atsala pafupifupi miliyoni imodzi. Kumapeto kwa 2019 mpingo wa Latter-day Saints unatuluka ndi anyamata ake pafupifupi 400,000. Mu February 2020 bungweli linathawira kukhoti kukanena kuti lagwa pa chuma kaamba ka milandu ya nkhanza zogwirira ana. Odandaula anaposa 82,000, ndipo pa thumba la chipepeso la ndalama pafupifupi $2.4 biliyoni, makhonsolo anauzidwa kusonkha zoposa $500 miliyoni. Ambiri anagulitsa misasa. Makhonsolo amene kale ankaposa 500 anali atatsala pafupifupi 250 pofika 2020.

Kumwambako nakonso mapu sakhazikika. Zigawo zinali 12, mu 1972 zinakhala 6, mu 1992 zinatsala 4, ndipo mu 2021 anazithetsa n'kudula dzikolo m'madera 16. Mzere ukasuntha pa mapu, loji imene inazolowera kusonkhana chaka ndi chaka ndi anansi ake imapezeka yaponyedwa kwa anthu achilendo.

Taonani za ku Philadelphia. Order of the Arrow inabadwira kumeneko mu 1915, pamene E. Urner Goodman ndi Carroll Edson anaiyambitsa pa msasa wa Treasure Island, chilumba cha mumtsinje wa Delaware. Loji yoyamba inali Unami. Mu 1996 khonsolo ya Philadelphia inaphatikizana ndi ya Valley Forge n'kukhala Cradle of Liberty. Dzina la Unami linapulumuka poti ndi lachisamba, koma la Delmont, loji ya anzawowo, linathera pomwepo. Khonsolo yatsopanoyo inali ndi misasa ingapo yoti isamale. Madzi osefukira ataononga Treasure Island kangapo, anaitseka pambuyo pa 2008, ndipo mu 2018 anaigulitsa. Pamene panakwiriridwa mchombo wa gulu lonse panapita ndi wogula.

Ku Michigan ndiye anachita kuonjeza. Mu 2012 makhonsolo 9 anasanduka imodzi, Michigan Crossroads. Misasa ingapo inatsekedwa, maloji anatsala 4, kenaka anangokhala imodzi yotchedwa Mishigami. Dera lakelo ndi lotalika makilomita oposa 400, kuposa ulendo wa Blantyre mpaka Lilongwe. Tsono mnyamata wa zaka 15 amene alibe galimoto akafika bwanji kumsonkhano?

Kunena chilungamo, phindu lilipo. Bwana mmodzi m'malo mwa 9, lendi imodzi, wowerengera ndalama mmodzi. Khonsolo imene ikulephera kulipira magetsi siingasamale msasa. Koma buku la ndalama sililemba bambo uja amene wakhala akukhoma malata pamsasa Loweruka lililonse kwa zaka 20, poti iyenso anagonapo ali mwana. Mukagulitsa msasawo, bamboyo sasamukira kwina. Amangokhala pakhomo, ndipo chopereka chake chimakhala naye.

Komabe sikuti a pansi alibe mphamvu. Mpingo, sukulu kapena kalabu iliyonse imene ikusunga gulu la masikauti ili ndi nthumwi yokhala ndi voti kukhonsolo. Akuluakulu a khonsolo ya Chicago atafuna kugulitsa msasa wa Owasippe, umene unayamba mu 1911, kwa omanga nyumba pa mtengo wa pafupifupi $19 miliyoni, anthu ongodzipereka anaimirira n'kukana. Akuluakulu a dera limene kuli msasawo anakananso kusintha malamulo a malowo, ndipo mu 2008 khoti linagwirizana nawo. Mu 2015 Chicago inaphatikizana ndi makhonsolo ena atatu n'kukhala Pathway to Adventure, koma Owasippe ikadalipo, ana akugonabe m'matenti.

Inu a mumsika amene muli m'mabungwe osunga ndi kubwereketsa ndalama, ndi inu ophunzira a m'makalabu, tsiku lina apampando adzabwera ndi pepala la ukwati wotere. Musakane msanga, komanso musaombe m'manja msanga. Afunseni: katundu wathu adzakhala m'manja mwa yani? Dzina lathu lipita kuti? Msonkhano uzikachitikira kuti, ndipo thiransipoti alipira ndani? Mayankho alembedwe voti isanachitike, chifukwa madzi akatayika saoleka.