Kodi mumadziwa? Kamba amapambana Kalulu m'njira ziwiri

Nthano ya mpikisano wa Kalulu ndi Kamba siikambidwa mofanana kulikonse. Ya Aesop, wa ku Greece wakale, imati Kalulu anadzithemba n'kugona panjira, Kamba n'kumangokwawa mpaka kukafika. Jean de La Fontaine anaisandutsa ndakatulo ya Chifalansa mu 1668, ndipo katuni ya nthanoyi imene Walt Disney anatulutsa mu 1935 inalandira mphoto ya Oscar.

Koma m'madera ambiri a mu Africa muno, Kamba sadalira khama ayi, ndipo kunena zoona nkhani yake imakoma kuposa ya Aesop. Amamema abale ake n'kuwabisa m'tchire m'mbali mwa njira, wina apa, wina apo. Kalulu akathamanga mpaka wefuwefu n'kuitana mnzake, yankho limachokera kutsogolo. Nanga kamba ndi kamba mnzake ungawasiyanitse bwanji? Nthano yotereyi inkakambidwanso ndi Aafirika amene anali pa ukapolo ku America. Joel Chandler Harris anailemba mu 1880 m'buku lake la Uncle Remus, mmene kamba wotchedwa Brer Terrapin amapangana ndi mkazi wake ndi ana awo.

Chinyengo chomwechi chinalowa m'kanema mu 1941. M'katuni ya Tex Avery yotchedwa Tortoise Beats Hare, kamba wina dzina lake Cecil amaimbira foni achibale ake, ndipo kalulu wotchedwa Bugs Bunny, katswiri wopusitsa anzake, amaluza madola 10 amene anabetcha.