Katemera wa malungo adayesedwa kuno kwathu

Amayi ndi abambo, ena mumafunsa kumene katemera wa malungo adachokera. Katemera woyamba adayesedwanso kuno ku Mozambique. Ku Manhiça, kumwera kwa dziko lino, ofufuza adatsatira ana pafupifupi 2,000, ndipo mu 2004 adalengeza kuti ana obayidwa ankadwala malungo mocheperapo. Anansi athu a ku Malawi adayamba kubaya ana m'maboma ena mu 2019.

Komatu mawu akuti "mocheperapo" muwamvetse bwino: katemera sathetseratu malungo. Akafika kuchipatala cha kwanu, mwana akabayidwe maulendo onse anayi, koma azigonabe m'neti usiku uliwonse. Thupi likatentha, musanene kuti "paja adabayitsa". Pitani naye tsiku lomwelo akamuyeze magazi, chifukwa malungo amafoola mwana msanga.