Masiku amene mafoni adatsekedwa pakamwa ku Niassa

SANJALA, Lichinga. Lachisanu pa 25 Okutobala 2024, anthu a ku Sanjala adayamba kuyang'ana mafoni awo modabwa. Ena adaganiza kuti mamega atha, ena adazimitsa foni ndi kuiyatsanso, enanso adapita kukafunsa kwa anyamata ogulitsa makadi m'mbali mwa msewu. Koma foni idalibe vuto. Intaneti ya m'mafoni ndiyo idali itadulidwa m'dziko lonse la Moçambique.

Dzulo lake, pa 24 Okutobala, bungwe loyendetsa zisankho la CNE lidali litalengeza kuti a Daniel Chapo a chipani cha Frelimo apambana chisankho cha pa 9 Okutobala. A Venâncio Mondlane, amene adaima mothandizidwa ndi chipani cha Podemos, adakana zotsatirazo. Mitima ya anthu idali kale m'mwamba chifukwa pa 19 Okutobala loya wawo, a Elvino Dias, pamodzi ndi a Paulo Guambe a Podemos, adaphedwa ndi mfuti m'galimoto ku Maputo. A Mondlane adatuluka m'dziko muno ndipo ankalankhula ndi owatsatira kudzera pa Facebook, kuwaitanira ku zionetsero.

Intaneti idabwerako, koma pa 31 Okutobala Facebook, WhatsApp ndi Instagram zidaleka kutseguka. Kumayambiriro kwa Novembala padayambanso mchitidwe wina: intaneti ya m'mafoni inkadulidwa madzulo, n'kudzabwera m'mawa. Bungwe la NetBlocks la ku London, limene limayeza kayendedwe ka intaneti m'maiko, lidatsimikiza za kutsekaku.

Anthu ambiri akumudzi amafunsa kuti zimatheka bwanji kutseka chinthu chimene mwini wake ali kutali ku Amereka. Yankho lake ndi lakuti uthenga uliwonse wochoka pa foni umayamba wadutsa pa chipata cha kampani ya mafoni, ndipo zipata zimenezi m'dziko muno zilipo zitatu zokha: Tmcel, Vodacom ndi Movitel. Tmcel ndi ya boma. Movitel, imene idayamba ntchito mu 2012 ndi kufikitsa mafoni m'midzi yambiri ya ku Niassa, ndi ya kampani ya Viettel ya ku Vietnam pamodzi ndi SPI, kampani yogwirizana ndi chipani cha Frelimo. Zonse zitatu zimagwira ntchito ndi chilolezo cha INCM, bungwe la boma loyang'anira za mauthenga. Choncho wofuna kutseka Facebook safunika kupita ku Amereka, zipata zitatu zija zimakwanira.

Aka sikadali koyamba. Mu Seputembala 2010, anthu atachita zipolowe ku Maputo chifukwa cha kukwera mtengo kwa buledi, mauthenga a SMS adaimitsidwa kwa masiku angapo, popeza anthu ankaitanizana kudzera momwemo. Pambuyo pake boma lidalamula kuti aliyense alembetse nambala yake ya foni.

A boma mu 2024 adati kuchepetsa intaneti kudali koteteza dziko ku chisokonezo ndi kuonongeka kwa katundu. N'zoona kuti pa WhatsApp pamayenda mabodza ambiri: zithunzi zakale zimatumizidwa ngati za lero, ndipo mawu ojambulidwa amene mwini wake sadziwika amafika m'midzi khumi dzuwa lisanalowe. Koma zimene zidaoneka m'masiku aja n'zakuti kutseka sikudathetse mphekesera, kudangochotsa njira yozitsimikizira.

Chitsanzo chili pafupi. Loweruka pa 26 Okutobala, tsiku lotsatira kudulidwa koyamba kwa intaneti, apolisi adawombera anthu otsatira Podemos ku Mecanhelas, boma la m'malire ndi Malawi, ndipo anthu adavulala. Munthu wa ku Sanjala amene ali ndi mwana kapena mlongo ku Mecanhelas ankafuna kudziwa chinthu chimodzi chokha, ngati m'bale wake ali moyo. Pa nthawi ngati imeneyo chithunzi chimodzi chochokera kwa m'baleyo chimaposa mawu a anthu makumi awiri amene adangomva kwa anzawo pa basi.

Kutsekaku sikudapweteke anthu mofanana. Achinyamata a m'tauni adaphunzira msanga kuika VPN, kachipangizo ka m'foni kamene kamalambalalitsa uthenga kudzera m'dziko lina kuti chipata chisauzindikire. Koma VPN imafuna foni yabwino, mamega okwanira ndi munthu wokulangiza. Mlimi wa nyemba kapena mbatatesi amene amafunsa mtengo wa ku msika wa Lichinga pa WhatsApp asanalipire galimoto, mayi wogula usipa ku Metangula, ndi banja lodikira uthenga wa mwana wogwira ntchito ku Joni, ambiri a iwo adalibe njira yolambalala. Ndale sizidali zawo, koma chitseko chidawatsekera limodzi.

Wailesi idakalipo, ndipo Rádio Moçambique ku Niassa imaulutsa m'Chinyanja, Chiyao ndi Chimakua. Koma wailesi imalankhula, womvera n'kumamvera. Pa foni munthu wa ku Mandimba kapena ku Lago amayankha, amafunsa, amatsutsa, monga amachitira pa bwalo la mfumu. Chimene chidatsekedwa mu 2024 ndi bwalo limenelo.

Malamulo aakulu a dziko lino salola zotere. Ufulu wolankhula ndi wa atolankhani udalowa m'malamulowa mu 1990, lamulo la atolankhani lidatsatira mu 1991, ndipo ndime 48 ya malamulo a 2004 imati nzika iliyonse ili ndi ufulu wolankhula ndi wodziwa zimene zikuchitika, komanso kuti ufuluwu usatsekerezedwe. Mabungwe omenyera ufulu wa anthu adatengera makampani atatu aja ku khoti, ndipo mu Disembala 2024 khoti la mumzinda wa Maputo lidalamula kuti asatsekenso intaneti.

Zionetsero sizidathe chifukwa cha kutseka mafoni. Zidapitirira mpaka a Chapo adalumbiritsidwa pa 15 Januwale 2025, ndipo bungwe la Plataforma Decide lidawerenga anthu oposa 300 amene adafa m'miyezi imeneyo.

Zisankho zidzabweranso, ndipo zipata zikadali zitatu zomwe zija. Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anthu a m'midzi ya m'malire, amene adamva kuwawa kwa masiku aja kuposa a m'tauni, ali ndi chifukwa choikumbukira ndime 48 ndi kuitchula pamaso pa aliyense wodzawapempha voti.