Wailesi ya CB m'galimoto: kuyankhulana popanda mayunitsi

Netiweki ikathawa panjira, foni imasanduka chidole. Wailesi ya CB siidalira nsanja za foni, siifunanso bando: mawu amachoka pa eriyo ya galimoto yanu n'kukafika pa ya mnzanu amene ali makilomita angapo kutsogolo. Imagwira pa 27 MHz, ndipo ambiri mwa mawailesiwa ali ndi matchanelo 40. Ku America madalaivala a mathiraki amachezera pa tchanelo 19, pomwe 9 ndi ya zangozi.

Poika, waya wofiira apite ku batire kudzera pa fyuzi, wakuda agwire chitsulo cha galimoto. Ambiri amafuna mavoti 12, ndiye pa thiraki ya mavoti 24 ikani chotsitsa mphamvu, apo bii mwaiotcha. Eriyo ikhale pakati pa denga kuti mawu apite mbali zonse. Osadina batani loyankhulira eriyo isanalumikizidwe, wailesi ingapse. Yezaninso ndi mita ya SWR: ikawerenga pansi pa 2 zili bho, ikafika 3 konzani kaye.

Poyankhula dinani batani, mukamaliza lisiyeni kuti mnzanu ayankhe. Kumbukirani kuti aliyense ali pa tchanelocho akumva, zachinsinsi ayi ndithu. Musanagule, funsani kaye ku MACRA za chilolezo.