Mukulera mwana waulumali nokha? Pezani wokupumitsani

Ngati mukulera mwana wa khunyu, kapena amene ubongo wake unavulala pobadwa kapena ndi malungo aakulu, mukudziwa kuti ntchitoyi ilibe tchuthi. Kwa Mwambo ku Zomba, amayi ena amalephera kupita kumunda wa mpunga kapena kukapikula matemba ku Kachulu poti alibe womusiyira mwana. Nthawi zambiri abale sakana chifukwa cha nkhanza ayi, amachita mantha.

Manthawo amatha munthu akaphunzitsidwa. Sankhani anthu awiri, ndipo bambo a mwanayo akhale oyamba. Aonetseni kadyetsedwe kake: mwana akhale tsonga, chakudya pang'onopang'ono kuti asatsamwe. Akagwa khunyu amugoneke chammbali, kutali ndi moto ndi madzi, osamuika kanthu m'kamwa. Kuphupha kukapitirira mphindi 5, athamangire naye kuchipatala. Auzeninso kuti khunyu sapatsirana. Nthawi yomwera mankhwala ilembeni papepala.

Yambani ndi kumusiya kwa maola awiri okha. Kenako funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu ngati pali makolo ena oti muzisinthana nawo, komanso ngati sukulu ya mmera mpoyamba yapafupi ingamulandire m'mawa.