Ofotsera nsonga za nzimbe kwa Kachindamoto

Ku Golomoti, ku Mua ndi ku Mtakataka ng'ombe zimaonda mu Okutobala ndi Novembala, nthawi yomwe eni ngolo akuzifuna kwambiri kuti zitute manyowa ndi njerwa. Udzu umakhala utapsa, madambo atauma. Chodabwitsa n'chakuti miyezi yomweyo ya chilimwe ogulitsa nzimbe m'mbali mwa msewu wa M5 amasadza nsonga ndi masamba n'kuzisiya ziwole kapena kuzitentha. Ntchito yotola nsongazi, kuzidula ndi kuzifotsera m'dzenje kuti zikhale sayileji iyenera kuwerengedwa ngati ntchito yeniyeni ya malipiro, monga timawerengera woumba njerwa kapena wocheka matabwa.

Koma tisiyanitse kaye nsonga ndi nzimbe yeniyeniyo. Mlimi wofotsera tsinde la nzimbe akutaya ndalama pawiri. Tsindelo lili kale ndi msika, anthu amaligula n'kumatafuna, ndipo shuga wake wochulukayo akatsekeredwa m'dzenje amasasa n'kusanduka mowa. Wofukula amalandiridwa ndi fungo longa la kachasu, chakudya chambiri chitathera m'kusasako. Ku Brazil, kumene ng'ombe zimadyetsedwa nzimbe kwambiri, amathiramo laimu kapena yureya pofuna kuletsa zimenezi. Komanso nzimbe imadzisunga yokha ili chiimire m'dimba, imatsekemera kwambiri chilimwe, choncho wofuna kudyetsa tsinde angodula la tsiku limenelo basi. Nsonga ndiye sizidikira. Zikasadzidwa zimafota msanga padzuwa la kunyanja, ndipo apa m'pamene pakufunika munthu wodziwa.

Ntchitoyo ndi ya manja ndi thukuta. Dzenje likumbidwe pamalo okwera, poti m'chigwa chino madzi a pansi sakhala patali, ndipo liyalidwe pepala la pulasitiki lopanda chiboo. Odula amakhala ndi zikwanje pa chipika, kuduladula nsongazo tizidutswa tosapitirira chala, chifukwa zazitali sizitsenderezeka. Wina amawaza madeya kapena molasesi wosungunula, ena n'kumaponda, pena kugubuduza mgolo wodzaza madzi mpaka mpweya wonse utatuluka. Dzenje lidzazidwe ndi kutsekedwa tsiku lomwelo kapena mawa lake, dothi pamwamba, kenako lidikire mwezi wathunthu. Luso lagona pa kupondapo. Pakatsala mpweya pamamera chuku, ndipo zachuku siziyenera kufika m'khola. Potsegula amayambira mbali imodzi, kutapa za tsikulo n'kuvindikiranso.

Ena anena kuti Angoni a kwa Kachindamoto aweta ng'ombe mibadwomibadwo popanda maenje, mbusa ndi chikwapu chake zikukwanira. Zinali zoona pamene malo odyetsera anali ambiri. Lero madimba alowa m'madambo, sikimu ya mthirira ya Bwanje yokha, yomwe boma la Japan linathandiza kumanga ndipo imatunga madzi mu mtsinje wa Namikokwe, ili ndi mahekitala 800, ndipo milandu ya ng'ombe zodya mbewu za eni sikutha kwa anyakwawa. Ana amene ankapirikitsa ng'ombe kutchire akufunika kusukulu. Ng'ombe ikamadyera pakhomo, wina ayenera kuikonzera chakudyacho, ndipo munthuyo alipidwe.

Chotsutsa cholimba ndi ichi: nzimbe za kuno n'za m'madimba, si minda yaikulu ngati ya Illovo ku Dwangwa kapena ya kampani ya shuga ya ku Salima, ndiye nsonga zokha sizingadzaze maenje ambiri, komanso zili ndi zomanga thupi zochepa. N'chifukwa chake wodziwa ntchitoyi sangadalire nzimbe yokha. Amasakaniza masamba a lukina, amatola nyemba za msangu zomwe zimayoyoka chilimwe, ndipo koposa zonse ali ndi mapesi a mpunga wa Kilombero otsala ku Bwanje. Makilogalamu 4 a yureya osungunula m'madzi amafewetsa makilogalamu 100 a mapesiwa akavindikiridwa milungu itatu. Yureya yemweyo akachuluka kapena akapanda kusungunuka bwino amapha ng'ombe, ndiye muyeso usakhale wongoganizira. Alangizi a ziweto aphunzitse anthu ochepa m'mudzi uliwonse ndi sikelo m'manja. Pulasitiki ndi feteleza zakwera mtengo, inde, koma mwini ngolo ayerekeze ndalamazo ndi mtengo wa ng'ombe imodzi yogulitsa mothamanga kwa abutchala itaonda mu Novembala.